Ndimatembenuza manambala, ndimaiwala zomwe abwana anena: ndi dyslexia kapena ADHD?

Funso: Ndine bambo wa zaka 34, ndimagwira ntchito mu ofesi yosunga katundu, kulemba zolowa ndi zotuluka. Kuwerenga kwandivuta kuyambira ku pulayimale, mayeso ndinkakhoza chifukwa choloweza. Pano imelo ya mizere khumi ndimaiwerenga katatu, manambala ndimawatembenuza, ndipo abwana akandiuza zinthu zinayi pakamwa ndimafika pa desiki yanga ndi ziwiri zokha. Mwezi watha andilembera kalata yochenjeza. Mwana wanga amupeza ndi dyslexia, ndiye ndayamba kudzikayikira. Mnzanga wina akuti ndi ADHD. Zimasiyana bwanji, ndipo munthu wamkulu angatani kuti ntchito isathe?

Yankho: Zikomo bambo polemba. Mwatchula mavuto atatu, ndipo n'kutheka kuti gwero lake si limodzi. Kuwerenga imelo katatu kumaloza ku dyslexia, vuto la kuwerenga zilembo. Kutaya malangizo pakati pa ofesi ya abwana ndi desiki yanu kumapezeka pa dyslexia komanso pa ADHD, vuto la kuwongolera chidwi. Kutembenuza manambala kungachokere uku kapena uko. Kuyeza munthu kumafuna kuonana maso ndi maso, koma kusiyanitsa kwake mungakuyambe nokha, ndipo n'kofunika chifukwa thandizo lake n'losiyana: ADHD ili ndi mankhwala, dyslexia ilibe.

Dzina lakuti dyslexia analiyambitsa Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Stuttgart ku Germany, mu 1887. Popeza ambiri mwa oyamba kulifufuza anali madokotala a maso, mpaka lero anthu amaganiza kuti vuto lili m'maso. Nthawi zambiri maso amakhala bwinobwino. Chomwe chimavuta ndi kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake, n'kuchita zimenezo mwachangu. Munthu wopanda vutoli akaona mawu amawazindikira nthawi yomweyo ngati nkhope ya mnansi. Wa dyslexia amawamanganso chidutswachidutswa tsiku lililonse, ngakhale mawu omwe wawaona kambirimbiri. Mphamvu yonse imathera pa kutulutsa mawuwo, pofika pa tanthauzo yatha kale. N'chifukwa chake mumafika kumapeto kwa imelo osadziwa kuti yanena chiyani: ulendo woyamba munangotchula mawu, wachiwiri ndiye munayamba kumva nkhani. Nzeru sizikhudzidwa. Mu 1896 dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 wochangamuka kwambiri koma wosatha kuwerenga, yemwe mphunzitsi wake ankati akanakhala wopambana onse pasukulupo maphunziro akanakhala a pakamwa pokha.

Anthu pakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse ali ndi dyslexia, ndipo imayenda m'magazi. Akuluakulu ambiri amadzizindikira momwe mwachitira inumu, mwana wawo atayezedwa. Chinenero nachonso chimabisa kapena kuulula vutoli. M'Chingerezi chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, ndiye zolakwitsa zimaonekera poyera. M'zinenero zolembedwa momwe zimamvekera, monga Chitaliyana kapena Chichewa, munthu wa dyslexia amatha kuwerenga molondola koma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo amatopa msanga. Choncho podziyesa musangowerenga zolakwitsa, yang'ananinso wotchi.

ADHD ndi nkhani ina. Sikuti munthu alibe chidwi. Chidwicho ndi chomwe sichimva chiwongolero. Angamire maola atatu pa chinthu chomusangalatsa mpaka kuiwala kudya, n'kulephera kukhala mphindi khumi pa fomu yotopetsa. Kulumphalumpha kwa paubwana kumazilala munthu akakula, kumatsala kusakhazikika kwa mkati: kuzengereza kuyamba, kusiya ntchito zisanu zili theka, kusaimva nthawi ikamapita, kutaya makiyi, kudula anzako mawu. Buku la matenda a maganizo la DSM-5 la 2013, lomwe madokotala ambiri amatsatira, limafuna kuti wamkulu akhale ndi zizindikiro zosachepera zisanu mwa zisanu ndi zinayi za gulu limodzi (la chidwi kapena la kusakhazikika), kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, zoonekera m'malo awiri kapena kuposa monga kuntchito ndi kunyumba, komanso zina mwa izo zikhale kuti zinalipo asanakwanitse zaka 12. Akuluakulu awiri kapena atatu pa 100 alionse ali nayo. Mnzanuyo mwina sanaphonye kwenikweni, chifukwa mwa anthu a dyslexia, pakati pa 25 ndi 40 pa 100 alionse ali ndi ADHD yomwe.

Yesani izi kumapeto kwa sabata. Tengani zolemba ziwiri zofanana kutalika ndi kulimba, tsamba limodzi chilichonse. Choyamba werengani nokha muli ndi wotchi, kenako vindikirani pepala n'kunena mfundo zomwe mwagwira. Chachiwiri wina akuwerengereni mokweza, kapena foni ikuwerengereni, n'kuchitanso chimodzimodzi. Ngati pomvetsera mwagwira pafupifupi zonse koma powerenga mwagwira theka, vuto lili pa zilembo. Ngati maganizo athawa konse kuwiri, mwadzidzimuka muli pa nkhani ya kunyumba pomwe wowerengayo ali pakati pa tsamba, vuto lili pa chidwi.

Kenako kwa masabata awiri lembani cholakwitsa chilichonse cha kuntchito: tsiku, ola, ntchito yake, cholakwikacho, ndi zomwe zinkachitika pafupi nanu. Zolakwitsa za dyslexia zimakhala zokhulupirika. Ndi mawu omwewo, mtundu womwewo, ngakhale m'mawa muli chete, ngakhale nkhaniyo ikukusangalatsani. Za ADHD zimabalalika: mawu omwewo mwawalemba bwino pamwamba n'kuwalakwitsa pansi, mwadumpha mzere wathunthu, imelo mwailemba koma simunaitumize, fayilo simunaiphatikize, ndipo zimachuluka ntchito ikakhala yotopetsa kapena pakakhala phokoso. Pali msampha umodzi apa. Munthu wa dyslexia yemwe wawerenga kuyambira m'mawa amafika masana ubongo utalema, n'kuyamba kuoneka ngati wa ADHD. Ngati kubalalika kwanu kumayamba pokhapokha mwawerenga nthawi yaitali, ndipo pa ntchito ya manja kapena pokambirana kulibe, n'kutheka kuti ndi kutopa chabe.

Musanapite kwa katswiri yezetsani maso ndi makutu, ndipo dziuzeni zoona pa nkhani ya tulo ndi mowa. Kugona maola osakwana asanu ndi awiri kwa nthawi yaitali, nkhawa, matenda okhumudwa, kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro, zonsezi zimaba chidwi mofanana ndi ADHD. Chosiyanitsa ndi mbiri: dyslexia ndi ADHD zimayamba paubwana, sizitulukira pa zaka 30. Munthu yemwe ankawerenga bwino n'kulephera mwadzidzidzi athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ingakhale sitiroko.

Dyslexia amayeza ndi katswiri wa zamaganizo wa za maphunziro kapena mphunzitsi wophunzitsidwa mwapadera, ndipo zimatenga maola awiri kapena atatu. Adzakupatsani mawu opeka opanda tanthauzo kuti muwerenge, chifukwa amenewo simungawaloweze. Adzakuyesani kutchula zilembo kapena manambala mwachangu, kulemba mawu omwe akutchula, ndi kubwereza manambala cham'mbuyo. ADHD amayeza ndi dokotala wa matenda a maganizo, makamaka pofunsa mbiri ya moyo wanu. Pali fomu ya ASRS ya bungwe la WHO, ya mafunso 18, yomwe asanu ndi limodzi oyambirira amagwiritsa ntchito posefa. Fomuyo imangonena ngati n'koyenera kufufuza, siigamula. Tengani malipoti a kusukulu ngati alipo, kapena wachibale wamkulu yemwe anakuonani mukukula. Pemphani kuti lipoti la katswiri likhale ndi tsamba lonena zoyenera kusintha kuntchito, chifukwa tsamba limenelo ndi lomwe abwana adzawerenge.

Musadikire zotsatira kuti muyambe kusintha kagwiridwe ka ntchito. Mwakhala mukuyesetsa kwa zaka zambiri, ndipo kuwonjezera khama pa njira yomweyo sikudzasintha kanthu. Chofunika ndi kutsitsa katundu m'mutu n'kumuika pa pepala, pa foni kapena pa kompyuta.

Tiyambe ndi malangizo a pakamwa. Ubongo umasunga zinthu pafupifupi zinayi zokha panthawi imodzi ukamagwira ntchito, ndipo kwa anthu a mavuto awiriwa malowo amakhala ochepa kapena amadzaza msanga. Zinthu zinayi za abwana zija zafika kale pamlomo pa chidebe. Wina akakupatsani moni m'njira, ziwiri zatayika. Khalani ndi kope limodzi lokha, laling'ono lolowa m'thumba, ndipo musalowe mu ofesi ya abwana opanda kopelo. Musalembe ziganizo, lembani nambala ndi mawu amodzi kapena awiri: 1 simenti, 2 risiti, 3 dalaivala, 4 lipoti. Musanatuluke bwerezani mokweza: "Bwana, ndione ngati ndamva bwino. Ndiwerenge matumba a simenti, ndipeze risiti ya dzulo, ndiimbire dalaivala, lipoti likhale pa tebulo panu isanakwane 3 koloko. Choyamba ndi chiti?" Zimatenga masekondi makumi awiri, ndipo mabwana ambiri amaona ngati ndi khalidwe la munthu wosamala. Chomwe chimapha njirayi ndi timapepala tomata tambirimbiri ndi makope atatu: mfundo yalembedwa, koma pa pepala liti? Ngati kulemba mwachangu kukuvutani, tulukani pakhomo n'kudzijambula mawu pa foni nthawi yomweyo, musanalankhule ndi aliyense.

Manambala ndiwo afuna chisamaliro chachikulu, chifukwa mwina ndi omwe abweretsa kalata ija. Nambala yaitali muziidula m'magulu a atatu kapena anayi n'kuitchula monong'ona: 4071936 ikhale 407, 1936 kapena 4071, 936, bola muzidula mofanana nthawi zonse. Ikani rula kapena pepala loyera pansi pa mzere womwe mukukopera kuti diso lisatsetserekere pa mzere wina. Nambala yomwe ili kale mu kompyuta musailembenso ndi manja, ikopereni. Kulowetsa ndi kuona ngati zili bwino zikhale ntchito ziwiri zosiyana: lowetsani mizere makumi awiri, imirirani mphindi ziwiri, kenako yang'anani kuyambira pansi kupita pamwamba, nambala iliyonse kuchokera kumanja. Mukayang'ana mwa njira yomwe munalembera, ubongo umaona chomwe ukuyembekezera osati chomwe chili pa sikirini. Excel ili ndi batani la Speak Cells lomwe limatchula zomwe mwalowetsa inu maso ali pa pepala. Limabisika, muyenera kuliwonjezera nokha pa kamzere ka mabatani pamwamba. Muli Freeze Panes yomwe imagwira mitu ya mizere kuti isathawe mukamatsika, ndi Data Validation yomwe imakana nambala yosakwana kutalika komwe mwaiuza.

Owerengetsa ndalama ali ndi kachinsinsi kakale komwe kangakupulumutseni maola. Ziwerengero ziwiri zikakana kugwirizana, chotserani chachikulu ndi chaching'ono. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti penapake mwatembenuza manambala awiri. Mukalemba 54 m'malo mwa 45 kusiyana ndi 9. 1260 m'malo mwa 1620 kusiyana ndi 360, ndipo 360 imagawika ndi 9. Mukatero mukudziwa mtundu wa cholakwika chomwe mukusaka, simukuwerenganso katundu yense.

Pa kuwerenga, lolani makutu agwire ntchito yomwe ikulemetsa maso. Word ili ndi Read Aloud, ndipo Immersive Reader imapezeka mu Word, Outlook ndi Edge. Mafoni ambiri nawonso amawerenga zolemba mokweza. Mvetserani maso akutsatira mawu, ndipo liwiro muziliwonjezera pang'onopang'ono. Makinawa amachita bwino m'Chingerezi, koma m'zinenero zomwe sanaphunzitsidwe mokwanira amapotoza mawu. Zolemba zanu zikhale za zilembo za saizi 12 mpaka 14, mpata wa 1.5 pakati pa mizere, zofola kumanzere kokha, popanda mawu opendekeka kapena ziganizo za zilembo zazikulu zokhazokha. Kwa inu a manambala a katundu, Verdana iposa Arial, chifukwa mu Arial chilembo chachikulu I ndi chaching'ono l zimaoneka chimodzimodzi. Zilembo zapadera zomwe amati n'za anthu a dyslexia, komanso magalasi a mitundu, kafukufuku sanapeze kuti zimawonjezera liwiro kapena kulondola kwa kuwerenga. Ngati n'zaulere ndipo maso anu akupuma nazo, palibe choipa, koma musatayirepo ndalama.

Polemba imelo, yambani ndi kuphatikiza fayilo, kenako uthenga, adiresi ya wolandira ikhale yomaliza. Imelo yopanda adiresi singathawe isanathe. Mu Gmail ikani Undo Send pa masekondi 30. Mauthenga omwe mumatumiza kawirikawiri alembeni kamodzi, wina awaone, muwasunge n'kumangosintha tsiku ndi manambala. Chowongolera kalembedwe musachikhulupirire kotheratu: mukalemba form m'malo mwa from sichidandaula, chifukwa onsewo ndi mawu enieni. Khutu ndi lomwe limagwira zoterezi, ndiye imelo yofunika muziimvetsera musanaitumize. Kulankhula kompyuta n'kumalemba kumathandizanso, kupatula pa mayina ndi manambala, pomwe imalakwitsa molimba mtima.

Ngati mbali ya chidwi ilipo, nthawi ndiyo mdani. Njira ya Pomodoro, yomwe Francesco Cirillo anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi kugwira mphindi 25 n'kupuma zisanu. Imagwa pa kupumako: mukagwira foni, mphindi zisanu zimasanduka makumi anayi. Pumani mutaimirira, foni ili mu dirowa. Alamu muziika pa nthawi yoyambira ntchito, osati pa nthawi yoperekera, ndipo inene chochita chooneka ndi maso. "Lipoti la mwezi" ndi phiri lomwe munthu amalizungulira. "Tsegula fayilo, lemba tsiku" ndi chinthu chomwe dzanja lingachite pompano. Kwa sabata imodzi lembani nthawi yomwe mukuganiza kuti ntchito itenga ndi yomwe yatengadi, mudzaona kuti mumadzinamiza ndi mlingo wanji, ndipo malonjezo anu kwa abwana muziwapanga ndi mlingo weniweniwo. Maimelo muziwatsegula katatu patsiku pa nthawi zoikika. Ntchito ya manambala ikhale ya m'mawa, desiki itafulatira khomo, makutu atatsekedwa ngati n'zololedwa. Ena amapeza kuti kukhala pafupi ndi mnzawo yemwe akugwira yake mwakachetechete kumawakhazika pansi kuposa alamu iliyonse. Dziwiranitu kuti njira yatsopano imakoma masabata oyamba kenako imazizira. Si kulephera, ndi momwe ADHD ilili. Patulani mphindi 15 Lachisanu lililonse zoona chomwe chafa n'kuchidzutsa, ndipo musayambe njira zisanu pamodzi; ziwiri n'zokwanira mwezi woyamba.

Mankhwala a ADHD amathandiza akuluakulu ambiri. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, omwe a mtundu wofulumira amagwira maola atatu kapena anayi, a mtundu wochedwa maola asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri. Atomoxetine ndi a gulu lina, amatenga masabata angapo kuti ayambe kuoneka. Dokotala amayeza mtima ndi kuthamanga kwa magazi kaye, amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza. Mankhwalawa angachepetse chilakolako cha chakudya, kusowetsa tulo akamwedwa mochedwa, ndi kukweza kugunda kwa mtima. Osabwereka a mnzanu. Ndipo musayembekezere kuti akonza kawerengedwe: adzakukhazikani pa tsamba, koma zilembo zidzakhala zolemera momwemo. Za dyslexia, maphunziro a dongosolo a kamvekedwe ka zilembo amathandiza ngakhale wamkulu, makamaka pa kulondola ndi kalembedwe. Liwiro ndi lomwe limatsalira.

Tsopano abwana. Pakanakhala palibe kalata yochenjeza tikanati kuulula kapena kusaulula zili kwa inu, popeza miseche ndi tsankho zilipodi m'malo a ntchito. Koma kalata yatuluka, ndipo kukhala chete kukusiya fayilo yanu ikunena kuti ndinu wosasamala. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu olumala, pa gawo 27, limati olemba ntchito azisintha zinthu moyenera kuti wantchito athe kugwira. Ku Britain zili mu Equality Act ya 2010, ku America mu lamulo la ADA la 1990. Mphamvu ya chitetezo chotere imasiyana dziko ndi dziko, ndiye werengani mgwirizano wanu wa ntchito n'kufunsa bungwe la ogwira ntchito kapena wodziwa malamulo a ntchito musanasaine china chilichonse. Pafupifupi kulikonse, wolemba ntchito saimbidwa mlandu pa vuto lomwe sanauzidwe, n'chifukwa chake mawu a pakamwa okha sakwana.

Yankhani kalatayo polemba, mwachidule, musunge kope la yankho lanulo. Vomerani zolakwika zomwe zinachitikadi, nenani kuti mukukayezetsa vuto la kuwerenga lomwe mwakhala nalo kuyambira paubwana, ndipo pemphani kukumana. Pokumanapo musayambe ndi mayina a Chingerezi a mavutowa, chifukwa bwana wosawadziwa amangomva kuti mukuzemba. Yambani ndi ntchito: "Bwana, ndaona kuti zolakwitsa zanga zambiri zili pa kukopera manambala masana ndi pa malangizo a pakamwa. Ndikupempha zinthu zitatu: malangizo ofunika azibweranso pa uthenga wolemba, ndikhale ndi ola limodzi m'mawa lopanda wondiitana polowetsa manambala, komanso mundilole kuvala mahedifoni kuti kompyuta izindiwerengera." Zonsezi sizidya ndalama ya kampani, ndipo simukupempha kuti mlingo wa ntchito utsike. Onjezani kuti muyesere masabata asanu ndi limodzi, n'kuwerenga zolakwitsa za nthawiyo poyerekeza ndi za masabata awiri omwe munalemba aja. Pemphani kuti nkhaniyo ikhale pakati pa inu, iwo ndi a ofesi yoona za antchito. Mukatuluka tumizani imelo ya mizere itatu yobwereza zomwe mwagwirizana ndi tsiku lodzakumananso, ndipo imeneyonso muimvetsere kaye musanaitumize.